Dzimbiri, girisi ndi zidindo: momwe okonda mfuti zakale amazitsitsimutsira

M'chaka cha 2003, makampani awiri a ku America ogulitsa zinthu zakale zankhondo, International Military Antiques ndi Atlanta Cutlery, anagula kwa asilikali a dziko la Nepal katundu amene anakhala chitsekerere kwa zaka zambirimbiri m'nyumba yachifumu yakale ya Lagan Silekhana, mumzinda wa Kathmandu. Munali mfuti zoposa 50,000, mizinga, malupanga ndi mipeni ya kukri, zonse pamodzi zolemera matani oposa 400. Mfuti zambiri zinali zongounjikidwa, zitamatidwa ndi girisi wouma, fumbi ndi litsiro la mibadwo ingapo. Katunduyo atawoloka nyanja, mfuti zina anazitsuka asanazigulitse, koma zambiri anazigulitsa chomwecho, zakuda bii, pamtengo woti munthu wamba n'kukwanitsa. Anthu ambiri amene anali asanakhudzepo mfuti ya zaka zoposa 100 anapezeka ali nayo pathebulo kunyumba kwawo.

Zotsatira zake zinali za mitundu iwiri. Ena anatulutsa m'matope amenewo mfuti zokhala ndi zidindo zonse zowerengeka bwino, mtengo wake uli ndi maonekedwe ofiirira a mafuta akale. Ena anatenga makina opalira zitsulo ndi sandipepa, ndipo masana amodzi okha anafafaniza zimene zinapulumuka chinyezi cha ku Kathmandu kwa zaka zonsezo. Mfuti zawo zinatuluka zonyezimira, koma zopanda mbiri ndiponso zotsika mtengo kuposa momwe zinalili ndi litsiro lake. Amene akhalitsa pa ntchito imeneyi amadziwa kuti mfuti zakale zambiri zimaonongedwa ndi manja a munthu wachangu kuposa dzimbiri, ndipo luso lenileni lagona podziwa pamene uyenera kulekeza.

Mwa mfuti za ku Nepal, imene inakopa anthu kwambiri ndi Martini-Henry, ndipo ndi imene ndigwiritse ntchito kwambiri pofotokoza. Asilikali a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1871. Dzina lake likuchokera kwa anthu awiri: Friedrich von Martini wa ku Switzerland, amene anakonza mbali yotsekera chipolopolo potengera nzeru za Henry Peabody wa ku America, ndi Alexander Henry, mmisiri wa mfuti wa ku Edinburgh, amene anapanga mizere yopotoka ya m'kati mwa paipi. Imalowa chipolopolo chimodzi chokha nthawi imodzi. Ukatsitsa chogwirira chapansi, chitsulo chotsekera chimagwa, n'kulavula chikhokhombe cha chipolopolo chakale. Ndi mfuti imene asilikali a Britain ananyamula pa nkhondo yolimbana ndi Azulu mu 1879, ku Isandlwana kumene anagonja moipa pa 22 January, ndi ku Rorke's Drift. Mbiri imeneyi ndi imene imachititsa kuti anthu aifune, ndipo monga tione, ndi imenenso imaitana akathyali.

Usanagwire sikuludilaiva

Funso loyamba si la dzimbiri ayi. N'loti kodi m'katimo muli chiyani. Pa Martini-Henry yankho silivuta: umatsegula n'kusuzumira m'paipi. Vuto lili pa mfuti zothira onga chakukamwa, monga Brown Bess kapena Enfield ya 1853, zimene zinalinso zambiri mu katundu wa ku Nepal. Zimenezi sizitseguka kumbuyo, ndipo eni ake akale ankakonda kuzisunga zili zothira kale. Nkhondo ya ku Gettysburg, ku America, ya mu 1863 itatha, pa mfuti pafupifupi 27,000 zimene anatola pabwalo la nkhondo, pafupifupi 24,000 zinapezeka zili ndi onga ndi chipolopolo, ndipo zambiri zinali zothiridwa kangapo. Onga wakuda ukakhala pouma sukalamba. Ukhoza kuphulika patatha zaka 150 ngati wothiridwa dzulo.

Okonza mfuti amayesa ndi ndodo yotsindira onga. Amailowetsa m'paipi mpaka itaima, n'kuika chizindikiro pakamwa pa mfuti, kenako amaigoneka kunja motsatira paipiyo. Ngati ndodoyo sikufika kumapeto kwenikweni, ndiye kuti muli china chake. Chikhoza kukhala chisa cha mavu kapena nsanza, koma amachiona ngati onga mpaka mmisiri wovomerezeka atachichotsa. Mfuti yotere saiyandikizira moto, saiwotcha pofuna kumasula sikuluwu, ndipo sakhethemula n'cholinga choona ngati ikugwirabe ntchito.

Pambuyo pake ndiye kuwerenga. Mfuti ya boma la Britain ya nthawi imeneyo ndi kalata yolembedwa pachitsulo ndi pamtengo. Kumanja kwa thupi la Martini-Henry kumakhala chisoti chachifumu, pansi pake zilembo V.R. zoimira Mfumukazi Victoria, kenako dzina la fakitale, nthawi zambiri ENFIELD, chaka, ndi nambala ya mtundu wake kuyambira I mpaka IV. Mtundu wachinayi umadziwika ndi chogwirira chachitali, chimene anachitalikitsa chifukwa zikhokhombe zamkuwa wopyapyala zinkakakamira mfuti ikatentha. Kachizindikiro kooneka ngati mutu wa muvi kamasonyeza kuti ndi katundu wa boma, ndipo mivi iwiri yoyang'anizana imasonyeza kuti boma linaigulitsa. Pa paipi pamakhala zidindo za oyesa, zotsimikizira kuti anaiwombetsa ndi onga wopyola muyezo ndipo sinaphulike. Nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1813 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Pa mfuti za ku Nepal pamapezekanso zilembo za kalembedwe ka kumeneko, kotchedwa Devanagari, zimene asilikali akumeneko anaonjezera. Zidindo zina n'zazing'ono kwambiri moti zimafuna galasi lokuzira, ndipo n'zosazama. Sandipepa atangodutsapo kangapo, basi zapita, ndipo palibe angazibwezeretse moona mtima.

Kuwerenga kumeneku kumateteza munthu kuti asataye thukuta pa chinthu cholakwika. Amisiri a kudera la Khyber Pass, pamalire a Pakistan ndi Afghanistan, akhala akupanga pamanja ma Martini-Henry otsanzira kwa zaka zoposa 100. Amakopera ndi zidindo zomwe, koma amaphonya: N wa mu ENFIELD amatha kukhala chotembenuka, kapena zilembo za V.R. zimatha kukhala pamodzi ndi chaka cha pambuyo pa 1901, chaka chimene Victoria anamwalira. Ku Nepal komweko ankapanganso mfuti yawoyawo yofanana nayo, yotchedwa Gahendra. Imeneyi ili ndi mbiri yake yosangalatsa ndipo ndi yoyenera kusungidwa, koma zitsulo zake zinkasulidwa pamanja, zosafanana mfuti ndi mfuti, moti chipangizo cha ina sichilowa pa inzake.

Wokonza wanzeru amajambula mbali zonse asanamasule chilichonse, ndipo sikuluwu iliyonse amaiika payokha n'kulemba pamene yachokera. Masikuluwu akale ali ndi mng'alu wopyapyala, wa makoma owongoka. Sikuludilaiva ya m'golosale nsonga yake imanka ipyapyala ngati ya nkhwangwa, imangogwira pamwamba, ndiye ikaterereka imaphwanya milomo ya mng'aluwo n'kukanda chitsulo chapafupi. Amisiri a mfuti amanola nsonga kuti idzaze mng'alu wonse m'litali ndi m'lifupi. Sikuluwu yokana kutembenuka amaidonthezera mafuta olowerera n'kuisiya masiku, ngakhale masabata. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Sikuluwu ikaduka mutu chifukwa cha phuma, ntchito yoiboola imaononga zambiri kuposa kudikirako.

Dzimbiri si limodzi

Apa ndi pamene pali kusamvetsa kwakukulu, choncho ndipakhalitsa. Chitsulo chikakumana ndi mpweya ndi chinyezi chimabala dzimbiri lofiira. Dzimbiri limeneli limafufuma, limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokera, ndiye limasweka, limasunga madzi, n'kumapitiriza kudya pansi pake, ngati khasu limene lagona kumunda dzinja lonse. Koma pali mtundu wina, wakuda, wotchedwa magnetite. Uwu ndi wopyapyala, umamatirira zolimba, ndipo ukamwa mafuta umateteza chitsulo. Maonekedwe akuda obiriwira amene mumaona pa mfuti yatsopano si penti. Ndi dzimbiri lakuda limeneli, loikidwa dala ndi opanga.

Njira yakale yoikira inali yachifatse. Ankapukuta chitsulo kuti pasakhale mafuta ngakhale a chala, n'kupakapo mankhwala ochititsa dzimbiri, n'kuchisiya pamalo a chinyezi mpaka chitafiira. Kenako ankachiwiritsa m'madzi oyera. Kutentha kwa madzi owira kumasandutsa dzimbiri lofiira kukhala lakuda. Ankapala fumbi lapamwamba ndi burashi ya waya wofewa kwambiri, n'kubwereza kangapo mpaka mtundu utakhwima. Akadumpha kuwiritsako, chitsulo chinkatsala chofiirira, ndipo mapaipi ambiri a mfuti zosakira nyama za m'zaka za m'ma 1800 anali otero.

Ukamvetsa zimenezi, umaona chifukwa chake viniga ndi mankhwala ochotsa dzimbiri a m'sitolo ali oopsa pa mfuti yakale. Asidi sasankha. Amadya dzimbiri lofiira pamodzi ndi lakuda lija limene fakitale inaika kalelo, n'kusiya chitsulo chotuwa mbuu. N'chimodzimodzi ndi njira yochotsera dzimbiri ndi magetsi m'madzi a soda, imene ndi yabwino pa chitsulo chofukulidwa m'nthaka koma imavula zonse. Makina a waya wozungulira ndiye oipitsitsa: amazungulitsa ngodya zimene zinali zakuthwa, amafufuta zilembo, ndipo chitsulo chimatsala ndi kunyezimira kwachilendo kumene wodziwa amakuzindikira ali pakhomo.

Njira yofatsa imayamba ndi kusungunula girisi wakale ndi palafini kapena mankhwala ena ofewa, pogwiritsa ntchito burashi ya mano ndi timitengo tosongola. Chodabwitsa n'chakuti pa mfuti zambiri za ku Nepal, girisi wonyansayo ndi amene anazipulumutsa, ndipo pansi pake panapezeka mtundu wa ku fakitale udakali bwino, makamaka malo obisika pansi pa mtengo. Nkhanambo za dzimbiri amazinyowetsa ndi mafuta n'kuzipala ndi kachidutswa ka mkuwa. Mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo, ndiye umathyola nkhanambo osakanda chapansi. Ena amatsiriza ndi sitiliwulu yosalala kwambiri, yolembedwa 0000, yonyowetsedwa m'mafuta, popanda kukanikiza.

Zaka zaposachedwa anthu ambiri atengera njira ya ku fakitale ija pokonza: kuwiritsa zitsulo zadzimbiri m'madzi oyera kwa theka la ola kapena kupitirira pang'ono, kupala fumbi, kubwereza ngati kuli kofunika, kenako kuumitsa ndi kuthira mafuta. Ubwino wake ndi woti sichotsa chitsulo ngakhale pang'ono ndipo imasunga mtundu wakale umene watsala. Ine ndimaona kuti pa mfuti ya asilikali yopangidwa mwaunyinji, imene dzimbiri likuidya pakali pano, njirayi ndi yanzeru. Koma si yopanda mtengo wake. Imasintha maonekedwe ofiirira amene zaka zinaika kukhala akuda, ndipo zimenezo sizibwerera. Osunga zinthu m'nyumba zachionetsero cha zakale ambiri sangaichite pa chinthu chosowa. Sidzazanso mabowo amene dzimbiri linakumba. Chitsulo chimene chinadyeka chinadyeka.

M'kati mwa paipi muli nkhani ina. Onga wakuda amapangidwa ndi makala, sulufule ndi mchere wina, ndipo ukapsa umasiya mwaye wokoka chinyezi. Timapsuli toyatsira onga ta nthawi imeneyo, ngakhale ta zipolopolo zambiri za asilikali a Britain, zotchedwa .303, za nkhondo ziwiri zikuluzikulu, tinkasiyanso mchere m'paipi. Mafuta sasungunula mchere, amangouphimba. N'chifukwa chake asilikali a Britain ankathira madzi owira m'mapaipi a mfuti zawo za Lee-Enfield akatha kuwombera. Mfuti imene mwini wake ankanyalanyaza zimenezi imatha kuoneka bwino kunja koma m'kati muli mdima ndi zibowo.

Pali njira ziwiri zamakono zodetsera chitsulo zimene zimanyenga oyamba kumene. Ina ndi mankhwala a m'kabotolo opaka mozizira, okhala ndi selenium. Amadetsa msanga, koma mtundu wake ndi wamawangamawanga, suchedwa kufufuka, ndipo umasiya fungo limene ogula ozolowera amalinunkhiza. Ina ndi kumiza chitsulo m'mchere wowira wa kositiki pa madigiri pafupifupi 140. Imeneyi ndi ya m'mafakitale amakono ndipo ndi yolimba, koma pa mfuti yakale ya mapaipi awiri ndi tsoka, chifukwa mapaipiwo analumikizidwa ndi mtovu wofewa umene mchere wotenthawo umaudya. Patapita nthawi mapaipi amayamba kulekana.

Mtengo umakumbukira zambiri

Mitengo ya mfuti za Britain inali ya walnut, yomwetsedwa mafuta a linseed. Mdani wake wamkulu ndi mafuta a makina. Mfuti ikaimikidwa pakona kwa zaka, mafuta amene eni ake ankathira m'zitsulo amatsetsereka n'kulowa m'mutu mwa mtengo, pamene wakumana ndi chitsulo. Malowo amada, amafewa, ndipo ndi pamene ming'alu imayambira. Kuwatulutsa kumafuna nthawi. Ena amaika mtengo pamalo ofunda kuti utuluke thukuta la mafuta n'kumapukuta, ena amapaka phala la ufa wa choko wosakaniza ndi mankhwala osungunula, ufawo n'kumayamwa mafuta pamene ukuuma. Kuviika mtengo m'madzi otentha a sopo wamphamvu kumayeretsa msanga, koma kumatukumula minyewa yake, kumakwezanso zidindo n'kuzifafaniza, ndipo mtengo ukauma umatha kupindika.

Pamene mtengo unaphwanyika ndi kugunda koma minyewa yake sinaduke, amaikapo nsalu yonyowa n'kukhudza ndi nsonga ya ayironi yotentha. Nthunzi imatupitsa malowo n'kubwerera m'mwamba. Koma chidindo nachonso ndi pophwanyika, kungoti mwadala. Pa tako la Martini-Henry pamakhala chidindo chozungulira cha fakitale, ndipo nthawi zina manambala a gulu la asilikali. Nthunzi ikafika pamenepo imakweza zonse. Ndipo funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, kodi chipsera chilichonse n'chofunika kuchichotsa? Mfuti imene inayenda m'mapiri pa phewa la msilikali siyenera kuoneka ngati mwendo wa tebulo latsopano.

Pali chizindikiro chimodzi chimene chimaulula mtengo wopalidwa ndi sandipepa, ndipo sichibisika. Ku fakitale mtengo ankausiya utatukuka pang'ono pamwamba pa chitsulo chimene wagundana nacho. Ukayendetsa chala n'kupeza kuti chitsulo ndicho chatukuka, mtengo uli pansi, ndiye kuti wina anaupala. Palibe mafuta kapena vanishi angabise zimenezo.

Pa ming'alu pali mkangano wa guluu. Guluu wakale wopangidwa ndi zikopa amamasuka ndi kutentha ndi chinyezi, choncho wodzakonza m'tsogolo akhoza kubweza zimene wachita mnzake. Guluu wamakono wa epoxy ndi wolimba kwambiri koma ndi wamuyaya. Osunga zakale amakonda woyambayo, pamene ofuna mfuti yopirira kugunda amasankha wachiwiri. Pomaliza amapaka mafuta a linseed pang'onopang'ono, madontho ochepa otikitidwa ndi chikhatho, n'kupukuta otsala, n'kudikira kuti aume asanabwereze. Nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa ndi zoopsa zenizeni: pouma zimatulutsa kutentha, ndipo zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha usiku. Amaziyanika chotambasula panja kapena kuzimiza m'madzi.

Kusunga kapena kubwezeretsa

Mu November 2014, ogwira ntchito m'nkhalango yotetezedwa ya Great Basin ku Nevada anapeza mfuti ya Winchester 1873 itatsamira mtengo. Nambala yake inasonyeza kuti inapangidwa mu 1882. Mtengo wake unali utatuwa ndi kung'aluka ndi dzuwa, chitsulo chili chofiirira. Anaitumiza ku Cody Firearms Museum ku Wyoming, kumene X-ray inaonetsa chipolopolo chimodzi chobisika m'kachipinda ka m'tako mwake. Akatswiriwo anachotsa chipolopolocho, analimbitsa mtengo ndi guluu wofewa kuti usanyenyeke, n'kusiya zina zonse momwe zinalili. Ma Winchester 1873 anapangidwa oposa 700,000, ndiye atakhala kuti anaipala n'kuidetsanso, ikanangokhala imodzi mwa zambirizo. Chimene chinaisiyanitsa ndi zinzake ndi zaka zimene inakhala panja, ndipo zaka zimenezo zinalembedwa m'kutuwa kwakeko.

Komabe sindikunena kuti kubwezeretsa n'kulakwa nthawi zonse. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ma Lee-Enfield a Britain ndi ma Mauser a Germany ambirimbiri anagulitsidwa motchipa kwa alenje, amene anadula mitengo yake, kuchotsa zomangira ndi kuboola zitsulo. Mfuti yotere mbiri yake inaonongeka kale, ndipo munthu wofunafuna zipangizo za nthawi yake n'kuibwezera m'maonekedwe a usilikali sakuba kanthu kwa wina aliyense. N'chimodzimodzi ndi mfuti ya ku Nepal imene mtengo wake unadyedwa ndi tizilombo mpaka kutsala ufa. Ngakhale maboma ankachita zimenezi: ma Lee-Enfield ambiri ali ndi zilembo FTR, zosonyeza kuti anabwerera ku fakitale n'kukonzedwanso kotheratu. Mafunso othandiza posankha ndi ochepa. Kodi chinthuchi n'chosowa motani? Kodi chikuonongeka pakali pano kapena changokalamba? Kodi chimene ndikufuna kuchita wina angadzachibweze? Chipangizo chakale chimene chachotsedwa sichitayidwa, chimasungidwa pamodzi ndi mfutiyo.

Malire a luso ndi ukathyali ali pafupi kwambiri. Martini-Henry yokhala ndi chizindikiro cha 24th Regiment of Foot, gulu limene linamenya ku Isandlwana ndi Rorke's Drift, imakwera mtengo kwambiri, ndiye pali anthu amene amadinda okha manambalawo. Pa ma Mauser a Germany, mfuti imene zipangizo zake zonse zili ndi nambala imodzi imadula kuposa yosakanizika, choncho ena amafufuta manambala n'kudinda ofanana. Kumeneko si kukonza. M'mayiko ambiri kusintha nambala ya mfuti ndi mlandu waukulu, ndipo ngakhale pamene lamulo silifika, kumaipitsa umboni umene ofufuza mbiri amadalira. Wokonza woona mtima amalemba zonse zimene wachita, ndipo ena amaika kachizindikiro kobisika pa chipangizo chatsopano kuti wodzagula adziwe.

Zoti mfuti ikaoneka bwino ndiye kuti ingawombedwe, ndi maganizo amene avulaza anthu. Dzimbiri limatha kudya paipi pansi pa mtengo pamene diso silifika. Mapaipi akale opota, opangidwa pokulunga timizere ta chitsulo n'kutisula pamodzi, amatha kuwola m'mizere yolumikizirayo. Onga wamakono wopanda utsi uli ndi mphamvu zimene zitsulo za nthawi ya onga wakuda sizinapangidwire. Pa ma Gahendra ndi mfuti za ku Khyber, langizo la ambiri n'loti zipachikidwe pakhoma basi. Woweruza nkhani imeneyi ndi mmisiri wovomerezeka kapena nyumba yoyesera mfuti, osati mwini wake amene mtima uli dyokodyoko.

Kusunga mfuti yokonzedwa sikuvuta kufotokoza. Chitsulo chimafuna pouma, mtengo sufuna pouma kwambiri, ndiye amayesetsa kuti chinyezi cha m'chipinda chikhale chapakatikati ndipo chisamasinthesinthe. Ambiri amapaka phula lotchedwa Renaissance Wax, limene linapangidwa m'labotale ya British Museum m'zaka za m'ma 1950. Chikwama chachikopa kapena cha siponji chimasunga chinyezi, ndipo zala zopanda magolovesi zimasiya mchere.

Malamulo ndiwo amasiyana kwambiri, ndipo ndi amene amachititsa kuti chizolowezichi chikhale chofala kwina, kwina ayi. Ku America, lamulo la boma lalikulu limaona mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake ngati chinthu chakale, ngakhale zigawo zina zili ndi malamulo awo okhwimirapo. Ku Britain, kuyambira 2021, mfuti imatengedwa ngati yakale ikakhala yopangidwa isanafike 1 September 1939 komanso ya mtundu wa onga kapena zipolopolo zimene zili pamndandanda wa zosagwiritsidwanso ntchito. Martini-Henry ya zipolopolo zake zakale, zotchedwa .577/450, ili m'gulu limenelo, ndipo munthu akhoza kuisunga ngati chokongoletsera popanda chiphaso. Akangofuna kuiwombera, chiphaso chimafunika. Wokhala ku London kapena ku Manchester azidziwa zimenezi, koma asaganize kuti ufulu umenewo angaunyamule m'sutikesi kubwera nawo kumudzi.

Kwathu kuno mfuti zakale zimene zili ndi mbiri yathu ndi za gogodela. Zinalowa m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'malonda a minyanga ndi akapolo, ndi amalonda a Chiswahili ochokera kugombe komanso Apwitikizi ndi Achikunda a m'chigwa cha Zambezi. Zambiri zinali zotsala za asilikali a ku Ulaya zodindidwa TOWER, zina zopangidwira dala msika wa Africa ku Birmingham ndi ku Liège. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa koma linasiya mpata wa mfuti zachikale zoyatsira ndi mwala, n'chifukwa chake zinapitiriza kukhala m'manja mwa alenje ku Ulaya zitaiwalika kale. Eni ake ankazikonza okha. Mtengo ukang'aluka ankaukulunga ndi chikopa chachiwisi chimene chikauma chimafinya zolimba, kapena ndi waya wamkuwa. Ankakhomerapo misomali yamkuwa yokongoletsa, osula ankapanga zipangizo zatsopano, ndipo ena ankasema mtengo wina wonse kuchokera ku mitengo yakuno. Munthu woganiza kuti akukonza akhoza kudula chikopacho ndi kuzula misomaliyo pofuna kubwezera mfuti m'maonekedwe a ku Birmingham. Akatero wachotsa mbali yokhayo imene inalembedwa ndi manja a makolo athu, n'kutsala ndi mfuti wamba yotchipa imene inzake ilipo paliponse.

Banja limene lapeza gogodela kudenga kapena m'bokosi la malemu agogo liyambe ndi kuiona ngati yothira, kuisiya osaipala, ndi kuijambula. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kusunga mfuti kumafuna chilolezo, ndipo ukalamba wake si chifukwa chodziweruzira wekha kuti lamulo silikukhudza, choncho apolisi ndiwo oyamba kudziwitsidwa, kenako a nthambi yosunga zakale. Pamene zimenezo zikuyenda, afunseni akuluakulu amene adakali moyo kuti inali ya yani, anaipeza bwanji, ankasakira kuti, ndipo anaikulunga chikopa ndani. Mayankhowo alembedwe papepala limodzi ndi zithunzi, chifukwa a zakale akadzailandira adzayamba ndi mafunso omwewo.